Akamuitana Dolika, Ukaimirire

Mitundu,
Lachisanu masana.

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala pano pa shedi yanga yokhomera zidebe, nyundo ndaiika pansi, ndipo anzanga a pamsika akundifunsa ngati ndadwala chifukwa sanazolowere kuti pano pakhale zii dzuwa lili pamutu. Sindinadwale. Kunyumba kuja sikukukhalika. Azakhali ako adzaza khonde lonse, uyu akusinja, uyu akutereka thobwa, ndipo ndikangoti ndikuitanire pambali ndikupeza amayi ako akutuma kale kwina. Komanso ndimakudziwa iwe. Ndikayamba kulankhula umazyolika n'kumati "ndamva, bambo, ndamva," mawu anga asanafike n'pakati pomwe. Pepala sungalidule pakamwa choncho, ndiye uliwerenge mpaka pansi.

Mawa lole ikutenga kupita ku Nathenje, ukakwatira Esinati, ndipo ukatsala komweko kuchikamwini monga ndinatsalira ine kuno kwa amayi ako. Za m'nyumba akakuuza ankhoswe, ndi ntchito yawo. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha, ndipo yandidyetsa zosakoma mwezi wonse uno. Ndikunena Dolika, mwana wa Esinati amene ukamupeze. Ndili ndi mantha kuti teremu ino ikatha mwana ameneyo sabwereranso kusukulu. Ndili ndi mantha enanso, aakulu kuposa oyambawo, akuti iwe ukangoyang'ana.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona, chifukwa sindinakuuzepo bwinobwino. Ukukumbuka teremu yatha ndinapalasa njinga kukasiya mbaula ku Nathenje, kwa Che Saidi amene ali ndi golosale m'mbali mwa msewu. Pobwerera ndinamva ana akuimba kusukulu ya kumeneko, ndipo ndinadziwa kuti ndi tsiku lotsekera. Umandidziwa, tsiku limeneli sindimalipitirira. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo n'kuima kumbuyo kwa makolo. Anali akuitana a Sitandade 4. Nambala wani anali mnyamata, amayi ake anathamanga ndi nthungululu n'kumufunditsa chitenje. Wachiwiri anamunyamula m'mwamba azichimwene ake. Kenaka ahedi anaitana dzina la Dolika.

Mwana uja anatuluka m'gulu n'kukaima pakati pa bwalo, opanda nsapato, atagwira nsonga ya diresi yake. Anayang'ana kumene kunakhala azimayi. Anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunakhala azibambo. Anthu anaomba m'manja pang'ono, kuomba kwa mwana wa eni, kenaka anasiya. Iye anaimabe, kudikira. Palibe anadzuka. Ahedi anachita kumuuza kuti, "Basi mwana iwe, kakhale pansi," ndipo anabwerera akuyenda msanga ngati wapalamula. Pambuyo pake ndinamva kuti Esinati tsiku limenelo anamutuma kudimba achimwene ake, a Sandifolo, kukathyola tomato wa pa okala yawo.

Ine miyendo inkandiyabwa, Yotamu. Koma ankhoswe anali asanamalize zokambirana, ndipo ndikanangotulukira pabwalo la eni, nkhalamba yachilendo ya ku Mitundu, n'kumufupa mwana, a Sandifolo akanati tayamba kale kuwalanda mbumba ukwati usanachitike. Ndinaima chilili, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Nditabwerera kumsewu ndinamupeza mwana yemweyo pa siteji, atasenza beseni la mazira owiritsa, akuthamangira mawindo a minibasi. Ndinamuitana n'kugula limodzi. Anandizindikira, poti ndinafikapo kwawo tsiku lokaonekera lija, ndipo anagwada pondipatsa mchere. Ndinati, "Ndakuona lero kusukulu. Wakhoza bwino, mwana iwe." Anakweza maso n'kuti, "Munaliko, agogo? Nanga bwanji simunaimirire?" Ndinangoyamba kumusimbira za iwe, mmene ndinkakuimirira uli wamng'ono, kuti mwina aseke. Sanaseke, ankangomvetsera.

Ndi Che Saidi amene anandiuza zotsalazo, ndipo iwo si munthu wa mijedu. Anati, "Achimwene, mwana uyu ndimamuona tsiku lililonse pakhonde panga pano. Kale ankagulitsa akaweruka. Mtsikana wa a Sandifolo amene ankagwira beseni m'mawa anapita kubanja, ndiye pano masiku ena m'mawa ali pompano. Atsibweni akewo anena ine ndikumva kuti teremu ikubwerayi ndiyo yomaliza, ati kuwerengera chenji wadziwa kale, akufunanso chiyani." Teremu imene ankanenayo ndi ino, Yotamu, ndipo ikutsekedwa Lachisanu la sabata ya mawa.

Ndakhala ndikuona msewu umene uja m'maso mwanga. Minibasi za masiku ano siziima n'kuima, zimangochepetsa liwiro, ndipo mwana amathamanga nayo pambali, dzanja limodzi pabeseni, lina pawindo, malole a ku Dedza akudutsa kumbuyo kwake. Ndinamva anyamata oitanira anthu m'minibasi aja akumutchula kuti "akazi anga." Lero akuseka, koma mwana akukula. Ndikaganiza zimenezi ndimaphonya msomali n'kudzikhoma chala.

Tsopano ndikudziwa chimene chabwera m'mutu mwako. Ukuti mwana si wako, ali ndi eni ake, mkamwini salowerera za mbumba. Ndi zoona ndithu, ndipo akakuuza zimenezo usanavule n'jekete la ukwati lomwe. Inenso anandiuza, za iwe amene ndinabereka ndekha.

Ndinabwera kuno ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Ntcheu, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya cha ku Malingunde. Ndi kumeneko ndinaphunzira kukhoma zidebe, ndipo ndi pamsika uno ndinaonana ndi amayi ako. Iwe utafika poyamba sukulu, malemu atsibweni ako a Kachiwanda anali atangogula ng'ombe za pangolo, ndipo analibe mbusa. Anaitana abale pakhonde pawo n'kunena kuti Yotamu azikadyetsa ng'ombe kudambo. Ine magazi anawira. Ndinaimirira pamaso pa apongozi anga ndi mudzi wonse, ndinakweza mawu, ndinatchula za ubwino wa sukulu, ndinaloza ndi chala. A Kachiwanda anandisiya ndimalize. Kenaka anati, mofatsa, "Alamu, pano munabwera ndi nyundo ndi bulangete. Mwana uyu simunabwere naye." M'mawa mwake ndinapeza nyundo ndi bulangete zija atazimanga pamodzi pakhonde. Ndinagona pa shedi ino mpaka ankhoswe atalowererapo, ndipo nthawi yonseyo iwe unali kudambo ndi chikwapu. Mawu anga okoma aja sanakulowetse m'kalasi ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye choyamba n'chimenecho: usakakangane ndi a Sandifolo. Usakawaphunzitse za ufulu wa ana umene mumamva pa wailesi masiku ano. Akakugonjetsa ndi mawu awiri, anthu akawavomereza, ndipo bokosi lako la zida ukalipeza panja. Ukachoka iwe, Dolika akatsala ndi beseni lake. Komanso usakawaone ngati munthu woipa. Mwamuna woyamba wa Esinati atamwalira, ndi iwo anamulandira, anamugawira dimba, anamufolerera nyumba. Iwo sakudana ndi sukulu. Akufuna munthu wogwira beseni m'mawa, basi.

Zimenezi ine ndinazizindikira mochedwa, nditagona pakati pa zidebe. A Kachiwanda sankafuna iwe, ankafuna mbusa. Nditabwerera kumudzi ndinapita kwawo ndi nkhuku yopepesera, ndinakhala pansi, ndinavula chipewa. Ndinati, "Alamu, ndinalakwitsa kukweza mawu. Ng'ombe zanu zisavutike. M'mawa ndizikazidyetsa ine, mwana akaweruka azidzandilandira." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pokanira, koma panalibe. Anangoti, "Zanu zimenezo."

Iwe unali wamng'ono, sunkadziwa mmene zinkawawira. Bambo wandevu zake, kudambo pakati pa tiana ta mamina, kuthamangitsana ndi ng'ombe zikalowa m'chimanga cha eni. Anandipatsa dzina, ankati "mbusa wandevu." Amayi ako ankapita kuchitsime dzuwa litakwera, kuthawa kuseka kwa anzawo. Makasitomala a m'mawa ankapeza shedi ino yotseka n'kupita kwa wina. Ndinkapsa mtima, sindikubisira, ndipo masiku ena ndinkalakalaka kungokwera basi ya ku Ntcheu. Koma ndikakhala pachulu kudambo kuja ndinkamva belu la kusukulu, n'kudziwa kuti uli m'kati. Patapita nthawi kuseka kuja kunatembenuka. Anthu anayamba kunena kuti a Kachiwanda alibe manyazi, akudyetsetsa ng'ombe mkamwini wamkulumkulu. Iwo okha anakafuna mbusa waganyu, ndipo za kukuchotsa sukulu sanazitchulenso mpaka kumwalira kwawo.

Waona kumene ndikupita, ndipo ndikudziwa kuti nkhope yagwa kale. Inde, mwana wanga. Ukatenge beseni.

Uyambe ndi Esinati, m'nyumba, muli awiri. Iye amawaopa achimwene akewo ndipo ali ndi chifukwa, ndiye usakamukakamize kuti asankhe pakati pa iwe ndi iwo. Ukangomuuza kuti ntchito ya m'mawa ukufuna kuigwira ndiwe. Kenaka ukapite kwa a Sandifolo, ukakhale pansi, ukanene kuti, "Alamu, ndabwera pamudzi pano, ndipatseni pogwira. Mazira a m'mawa ndizigulitsa ine, mwana akaweruka azindilandira." Usakatchule kuti wamva zoti akufuna kumusiyitsa. Usakatchule Che Saidi, ungawadanitse ndi anzawo a pamsewu. Mkamwini wopempha ntchito palibe amamukana. Matabwa ako uzikapala masana, mipando siithawa.

Zikakuwawa, ndikudziwa. Unafika Fomu 2, uli ndi luso la ukalipentala, anthu kuno amakupatsa ulemu. Kumeneko ukakhala mkwati watsopano wothamangira mawindo, kukuwa kuti "mazira, mazira." Tsiku lina pawindopo padzasuzumira mnzako wa kusekondale atamanga tayi, akuchokera m'tauni, ndipo adzakuitana ndi dzina. Oitanira aja akakupatsa dzina lawo, sakalephera. Apa ndi pamene ndikukuopera, chifukwa iwe manyazi ndi ako. Uli mwana, munthu akangokuseka unkakabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka nthawi ya chakudya. Ndikuopa kuti ukagwira beseni sabata imodzi, wina akakuseka, ndipo ukayamba kunena kuti oda ya mipando yachuluka.

Amayi ako nditawauza maganizo amenewa anandikalipira. Anati, "Inu mukufuna mwana wanga akanyozeke kuchikamwini chifukwa cha mwana wa eni? Si inu nomwe munandichititsa manyazi ndi ng'ombe zija?" Ndinati, "Nanga amene akupalirani mipando yomwe mwakhalirayo ndani, si mwana wa ng'ombe yemweyo?" Anandiyang'ana moipa n'kutuluka. Za iwo ndikuuzanso kumapeto.

Beseni lokha silikwanira, ndipo apa umvetsetse. Mwana akhoza kumapita kusukulu tsiku lililonse koma osaoneka. Sukulu ya masiku ano si imene unaphunzira iwe. Chichotsereni fizi, ana anakhamukira onse, aang'ono ndi akuluakulu omwe, ndipo ndi zabwino, sindikudandaula. Koma pita ukaone. Kalasi imodzi yadzaza pansi pa mtengo mpaka kudzuwa, mphunzitsi ndi kamnyamata kongolembedwa kumene, mawu atasasa ndi kukuwa. Amene uja sangadziwe mwana aliyense. Wina akajomba sabata yathunthu, malo ake amatsekeka okha ndi matako a anzake. Mwana amene mphunzitsi amamufunafuna ndi yekhayo amene anaona nkhope ya kholo lake.

Tsono makolo ambiri anaisiya sukulu m'manja mwa boma. Kuno ataitana anthu kuti tikaumbe njerwa za kalasi, bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Thangata anatha ndi chipani chimodzi, ano ndi matipate. Anati zaulere, amange okha." Anthu anamuombera m'manja. Tinatsala ochepa, ambiri azimayi, kuponda dothi. Ine ndilibenso mwana pasukulupo, koma ndinapita, chifukwa ndikudziwa chimene nkhope ya kholo imachita. Iwe ukapite ukadzionetse kwa aphunzitsi a Dolika sabata yomweyi. Usakapite ngati wofufuza zolakwa. Ukapereke moni, ukanene kuti ndiwe bambo womupeza, ukaone ngati bolodi lawo lili ndi poimika. Ngati akulitsamiritsa pamtengo, ukawakhomere miyendo. Ndi ntchito ya madzulo amodzi kwa iwe, koma sadzakuiwala.

Dzina lija anzako amakutchula mpaka lero, lakuti Koloboyi, umadana nalo, koma linakupulumutsa. Chaka chako choyamba sunali wanzeru, tisanamizane. Tsiku lotsekera ndinatsekera ng'ombe msanga n'kupita kusukulu ndi kanyale kamene ndinakukhomera kuchokera ku chitini cha mkaka, poti chokufupa china ndinalibe. Anaitana oyambirira, makolo anavina. Anaitana apakati, kuomba m'manja kunayamba kuzilala. Pofika kwa iwe anthu anali atayamba kale kukutumula fumbi m'zitenje kuti azipita. Nditamva dzina lako ndinalumpha, ndinakuwa, ndinathamanga pakati pa bwalo koloboyi ali m'mwamba, n'kukunyamula paphewa. Ahedi anayang'ananso papepala, kuyesa kuti alakwitsa nambala. Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Iwe unabisa nkhope m'khosi mwanga, koma koloboyi uja unamugwira zolimba mpaka kunyumba.

Patapita zaka, tsiku lina ndili pano ndinaona aphunzitsi ako a Mwale akutsika panjinga. Ndinayesa abweretsa ndowa yobooka. Anati, "Bambo, mwana wa koloboyi uja sindikumuona m'kalasi. Akudwala?" Ine osadziwa kanthu, poti m'mawa uliwonse unkatuluka ndi makope. Kani unkatsatira anyamata akuluakulu okankha njinga za nkhuni kuchokera ku Dzalanyama, kuti azikugulira mandasi. Ana ojomba anali ambiri chaka chimenecho, ndipo ena sanabwererenso. A Mwale anapalasira njinga mmodzi yekha, amene bambo ake anadzichititsa manyazi pabwalo. Anzako unkakankha nawo njinga aja ukuwadziwa kumene ali, ena akukankhabe.

Kunyumba nako usakamusiye. Akamaliza kutsuka mbale uzimuyatsira nyale, uzikhala naye pamkeka, azikuwerengera mokweza. Iwe uli ndi mwayi, Chingerezi ukuchidziwa. Ine ndinalekezera Sitandade 3, ndipo unkandiwerengera zimene sindinkamva, ine n'kumagwedeza mutu ngati woweruza. Masiku ena unkangopeka za m'mutu mwako buku lili chozondoka, ukuyesa sindikuona. Ndinkaona, koma ndinkadziwa kuti bola wakhala pansi ndi buku. Akalakwitsa usakamumenye, ndipo usakamuyerekeze ndi ana amene mudzabereke ndi Esinati. Mwana wopeza amamva msanga pamene sakufunidwa, ndipo akangomva choncho sadzakuonetsanso kope lake.

Pali chinthu china chimene ndachita osakufunsa, ndipo ndicho chandikhazika pansi kulemba kalatayi. Sabata yatha ndinapitanso ku Nathenje kukasiya ndowa zotungira madzi a paukwati. Unali m'mawa, nthawi ya sukulu, ndipo Dolika ndinamupeza pa siteji ndi beseni. Atandiona anabwera yekha. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali womumva, kenaka anafunsa chapansipansi, "Agogo, ana anu aja akabwera kwathu, adzabwera kusukulu tsiku lotsekera? Ngati mmene munkachitira inu muja?" Kani nkhani ndinamusimbira tsiku lija anaisunga teremu yonse.

Ndikanatha kunena kuti ndikafunsa. Ndikanatha kunena kuti tiona. Koma ndinali nditamukhumudwitsa kale kamodzi mwana ameneyu, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Adzabwera." Anafunsanso, "Ngakhale ndisakhoze bwino? Teremu ino ndajomba kwambiri." Ndinati, "Ngakhale ukhale womaliza." Kenaka anati, "Azibambo amakhala cha ku mtengo wa mango. Ndidzayang'ana kumeneko." Minibasi inafika, ndipo anathamanga.

Ndakulonjezera, Yotamu, ndipo ndikudziwa kuti si bwino kulonjeza ndi miyendo ya munthu wina. Ukhoza kundikwiyira. Koma taganiza: tsiku limenelo anthu onse a kumeneko akakhala pabwalo, aphunzitsi, makolo, mwina ndi akazi a a Sandifolo omwe. Mwana amene waimiriridwa pamaso pa anthu onsewo savuta kumubweza kusukulu teremu ikatsegulidwa, chifukwa aliyense adzafunsa kuti ali kuti. Mwana amene waima yekha kachiwiri akhoza kusowa, osafunsidwa ndi munthu. Iyenso mwini wake sadzalimbikira, adzati beseni ndi bwino, poti pa siteji anthu amamuitana.

M'bokosi lako la zida, pansi pa sowo, ndaikamo koloboyi watsopano nditamukulunga m'pepala la simenti. Ndamukhoma bwino, sadontha. Chingwe chake sindinaike ine. Ndinamusiya pawindo dzana wopanda chingwe, ndipo dzulo ndinapeza wina atang'amba m'mphepete mwa bulangete lathu n'kupota chingwe, n'kuchilowetsa bwinobwino. Amayi ako akuti sakudziwa kanthu. Usawafunse, angakukalipire.

Lachisanulo ukavale malaya a ukwati omwewo. Ukamutenge Esinati, ukawapemphe a Sandifolo mwaulemu kuti tomato adikire masana. Ukakhale kutsogolo, cha ku mtengo wa mango, osati kumbuyo kumene umakonda kubisala m'tchalitchi. Mwina akamuitana koyambirira, mwina kumapeto anthu atatopa. Usakadikire kuti wina ayambe, palibe akayambe. Usakayang'ane kuti akukuona ndani. Ngati dzina lake silikamveka n'komwe, ukadzuke pomwepo anthu asanamwazike, ukamufunefune m'gulu la anzake, ukamupatse koloboyiyo onse akuona.

Njinga ndili nayo ndipo njira ya ku Nathenje ndikuidziwa. Ndalimbana nawo maganizo oti ndibwere ndekha tsiku limenelo, ndipo mtima ukufunitsitsa. Koma sindibwera. Ndikabwera, iwe ukakhala pansi n'kusiyira ine, ndipo madzulo ine ndidzabwerera ku Mitundu, mwana n'kutsala ndi bambo amene sanadzuke. Ndidzakhala pano pa shedi, ndipo ndikudziwa kuti tsiku limenelo palibe ndowa imene ndidzakhome yowongoka.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akupatse banja lamtendere, ndipo akuchotsere manyazi tsiku limodzi lokhali. Mwana uja akadzatuluka pakati pa bwalo atagwira nsonga ya diresi, adzayamba kuyang'ana ku mtengo wa mango, chifukwa ine ndinamuuza kuti udzakhalako. Asadzayang'ane kawiri, Yotamu. Ukaimirire.

Ndine bambo ako,
mbusa wandevu uja.